Lachisanu Limene Ndinakana Kutchula Wogwira Mchira

Ana anga, Yohane, Agnesi ndi iwe Pio, pamodzi ndi adzukulu amene mudzawerenge kope ili ine nditagona, tsopano ndafika pa za ntchito. Za ubwana ndazidumpha dala, mulibe kanthu mmenemo koma mbuzi ndi mphere. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, n'chifukwa chake ndimalemba tsamba limodzi pa tsiku, dzanja langa limatopa msanga kusiyana ndi pakamwa. Koma mudziwe kuti wa Sitandade 3 yemweyu, Damiano Mbewe, wagwira ntchito pa sukulu zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo palibe hedi ngakhale mmodzi amene anayamba wanenapo kuti, "A Mbewe, tabwerezani, sitinamve."

Ntchito yoyamba, cha ku Namitete, mpaka 1994

Anandilemba ntchito ndi a komiti ya sukulu ina ya pulayimale ya mishoni cha ku Namitete, amayi anu ali ndi pakati pa Yohane. Ntchito yanga inali kutchetcha udzu, kukatenga makalata ku positi pa njinga ya sukulu, ndi kuliza belu. Belu lake linali limu ya lole yopachika mumtengo wa mango, ndinkaimenya ndi chitsulo. Ahedi anali bambo Kamwendo, munthu wamfupi, waukhondo, wodwala mphumu. Akamayankhula pa asembule ankamva ndi ana a mzere woyamba okha, ena onse ankangoona milomo ikuyenda. Koma anali munthu wachilungamo. Malipiro akachedwa ankandigawira ufa wa kunyumba kwawo, osauza munthu.

Mu 1994, boma litanena kuti pulayimale ndi yaulere, ana anabwera ngati ngumbi. Ena anali a ndevu, ena atabereka ang'ono awo kumbuyo. Makalasi anali pansi pa mitengo, choko chimodzi aphunzitsi ankachidula patatu, ndipo mvula ikagwa sukulu yonse inkathithikana m'tchalitchi. Chaka chomwecho wina anaba limu ija, ndikuganiza anakasulira makasu. Ahedi anaima pansi pa mtengo wopanda belu uja, manja m'chiuno. "A Mbewe, tichita bwanji?" Ine ndinakwera pachulu chimene chinali kuseri kwa ofesi, n'kukuwa kuti, "Nthawi yakwanaaa!" Amayi anu anamva ali kudimba, kutsidya kwa dambo. Kuyambira tsiku limenelo ana anandipatsa dzina lakuti Chimkuzamawu, pofupikitsa a Chimkuza, ndipo limu ina sitinagulenso.

Pa tsiku lotsekera sukulu makolo ankabwera kudzamva zotsatira za mayeso. Chaka chimenecho khamu linali lalikulu moti bambo Kamwendo anandiitana muofesi.

"Ine ndizikunong'onezani dzina ndi nambala, inu muzilengeza."

"Bwana, ine kuwerenga ndi kwa pang'onopang'ono."

"Sindinati muziwerenga, a Mbewe. Ndati muzikuwa."

Tinkayambira kumapeto, kwa amene walephera kuposa onse, n'kumakwera mpaka nambala wani, kuti anthu asabalalike msanga. Ine ndinathiramo zanga. Ndinkati kalasi ili ngati ng'ombe, ili ndi nyanga, ilinso ndi mchira. "Sitandade 6! Amene wagwira mchira ndi uje!" Ana onse pamodzi, "Wooo!" Wotchulidwayo ankaimirira, n'kuyenda pakati pa anthu kudzatenga lipoti lake kutsogolo, anthu akuseka. Pofika ku nyanga, pa nambala fili, thuu ndi wani, amayi ankaimba nthungululu n'kulowa m'bwalo kuvina. Anthu opanda mwana pa sukulupo ankasiya minda kudzangondimvera ine. Ndinkavala jekete langa la pa ukwati. Sindibisa, ndinkamva bwino kwambiri.

2002, chaka cha njala, cha ku Nsaru

Boma litayamba kutsegula masekondale a masana m'midzi, bambo Kamwendo anawatumiza kukayang'anira ina cha ku Nsaru, kufupi ndi kwawo kwa amayi anu. Anauza komiti ya kumeneko kuti popanda Mbewe sabwera. Tinasamuka pa ngolo, mphasa, nkhuku ndi inu ana pamwamba. Kumeneko anandiwonjezera ntchito yokhala pa geti masana. Masekondale ambiri salengeza zotsatira pagulu, koma ife mwambo wathu tinapita nawo, ndipo makolo a kumeneko anaukonda kuposa a ku Namitete.

Njala ya 2002 mukuikumbukira, Yohane ndi Agnesi. Iwe Pio unali kumsana. Ana ankabwera ku sukulu atadya gaga, ena mango osapsa ophika, ena madzi okha. M'Fomu 2 munali mnyamata wina, ndimutcha Fabiano, si dzina lake. Bambo ake anali atamwalira. Ankayenda maola awiri kuti afike, nsapato zake zinali zomanga ndi waya, ndipo anzake ankamutcha Waya. Pa buleki ankakhala yekha kuseri kwa kalasi, m'kalasimo ankasinza. Zonsezi ndinkaziona ndili pa geti, koma ndinkaziona ngati mmene munthu amaonera nkhuku zikudutsa pabwalo.

Tsiku lotsekera, ahedi atandinong'oneza dzina lake, ndinakoka mpweya. "Fomu 2! Wagwira mchira ndi mkulu wathu wa tulo, amene amayenda maola awiri kudzagona pa desiki, Fabiano Waya!" Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Chaka cha njala anthu amafuna choseka. Mnyamatayo anadzatenga lipoti lake, nayenso akumwetulira. Kumwetulirako ndi kumene kunandinamiza.

Sabata yachiwiri ya holide tinamva uthenga wakuti wamwalira, wadzipha. Kumaliro anthu ankanong'onezana kuti anamulodza achibale chifukwa cha munda wa bambo ake, ena ankati zimenezi zili m'magazi kwawo. Ine ndinasankha ya ufiti, chifukwa inkandipepukira. Pobwerera, amayi anu ali kumbuyo kwa njinga, anati, "Abambo a Yohane, mwana uja munamuseketsa anthu." Ndinaimika njinga pakati pa msewu, n'kuwakalipira mpaka anthu anatuluka m'minda kudzaona. "Analemba mayeso ndine? Anabweretsa njala ndine?" Amayi anu anatsika, n'kuyenda pansi mpaka kunyumba, ndipo za nkhaniyo sanatsegulenso pakamwa. Teremu yotsatira ndinatchula mayina popanda nthabwala. Makolo anadandaula kuti a Chimkuza azizira, kapena njala yawalowa m'khosi. Teremu inayo ndinayambiranso.

Bambo Kamwendo atapuma ntchito, ine ndinatsala pomwepo. Anabwera ahedi ena angapo. Wina ankakonda mpira kuposa mabuku, Loweruka lililonse ankandiimika m'mbali mwa bwalo kuti ndizisokoneza goloboyi wa sukulu inayo. Wina anali mayi, amene analimbana ndi akuluakulu mpaka tinapeza mjigo ndi zimbudzi za atsikana, ndipo ndi yekhayo amene anandiletsa kuyankhulira muofesi, ankati ndiziimira pakhomo. Mabuku ankasowa, madesiki ankasowa, mwezi wina denga la Fomu 1 linapita ndi mphepo n'kukagwa m'munda wa fodya wa eni ake. Ahedi onsewa mwambo wa tsiku lotsekera anaupeza, n'kuusiya mmene unalili.

2021, masukulu atatsegulidwanso mliri utachepa

Ahedi anga omaliza anali a Zimba, a msinkhu wa iwe Yohane, ophunzira bwino, ofunitsitsa kuti sukulu itchuke ndi kukhoza mayeso. Masukulu anali atatsekedwa miyezi yambiri chifukwa cha mliri wa korona. Ana anabwerera ochepa, ndipo amene anabwererawo sanali mmene anapitira.

M'Fomu 3 munali mtsikana, ndimutcha Lusiya. Kwawo kunali kutali, cha ku Nambuma, choncho ankachita lendi kachipinda kuseri kwa magolosale a pamsika n'kumadziphikira yekha, monga amachitira ana ambiri ochokera kutali. Kuyambira Fomu 1 ndinkamutchula ku nyanga, pamene pamalira nthungululu. Anali wolongolola, akamalowa pa geti ankati, "Agogo, tsiku lina mudzang'ambika kukhosi." Chaka chimenecho analeka. Ankalowa woyamba, n'kutuluka womaliza, yekha.

Lachitatu la sabata yotsekera, ana akuweruka masana, anaima pambali pa geti mpaka anzake onse atapita. Anatulutsa ambulera ndi kabokosi kaja ka zipangizo za masamu.

"Agogo, izi mukapatse mdzukulu wanu."

"Iwe, mvula ili pafupi. Uzidzafunda chiyani, tsamba la nthochi?"

"Sindidzazifunanso."

Ine kuseka. "Wapeza banja eti?"

Sanaseke. Anayang'ana pansi, n'kufunsa, "Lachisanu muyambira kumchira ngati nthawi zonse?"

"Nanga tiyambire kuti?"

"Mchira wa Fomu 3 ndine. Ndinaona pepala pa tebulo la aphunzitsi." Atatero anamwetulira. "Musadandaule agogo, mudzatchule bwinobwino. Ndi komaliza."

Kumwetulira kumeneko ndinali nditakuonapo kamodzi, m'chaka cha njala. Moyo wanga wonse sindinaphunzire kunong'ona, koma tsiku limenelo ndinayesa. Ndinamupatsa mpando wanga wa pa geti, ine n'kukhala pa njerwa. Mawu ozungulira amene anthu ophunzira amanena sindiwadziwa, ndiye ndinangofunsa mmene zilili.

"Mwana iwe, kodi ukuganiza zodzipha?"

Anagwedeza mutu kuvomera. Kenaka misozi, kenaka mawu. Ndinkaopa kuti kufunsa kotero kumuwonjezera maganizo, koma zinali ngati ndatsegula mpopi. Bambo ake anamwalira ali Sitandade 7. Mayi ake anakwatiwanso, ndipo miyezi yonse imene sukulu inali yotseka, bambo watsopanoyo ankamuwerengera chakudya pakamwa. Fizi ankalipira amalume ake a ku Msundwe, amene ananena pamaso pa anthu kuti akadzangolephera sukulu yathera pomwepo, pali mkulu wina wolima fodya akufuna mkazi wachiwiri. Mawuwo anayenda mpaka kufika pa sukulu. Anzake anayamba kumutcha Mayi a Fodya, mpaka kulemba pa bolodi. Mnzake amene ankagona naye m'kachipinda kaja anatenga mimba nthawi ya mliri, sanabwerenso. Anatsala yekha, kudya kamodzi pa tsiku, tulo osabwera, akatsegula kope zilembo zinkangoyendayenda.

"Ndiuze ndani, agogo? Amayi ndikawaimbira foni amati uzipemphera. Ndimapempheratu."

Ndinali ndi zambiri zonena, za tchimo, za manyazi, za mmene amayi ake angalirire. Zinafika pakhosi, ndinazimeza. Sindidziwa amene anandigwira pakamwa. Ndinangoti, "Ambulera ndikusungira, sindikulandira. Ndipo lero sukagona wekha kuchipinda kuja. Tiye."

Ndinamupatsa ndowa yanga kuti odutsa aziona ngati ndamutuma, tinapita kunyumba kwa madamu Mwale, mphunzitsi amene atsikana ankamasuka naye, pa sukulu pomwepo. Madamu anamvetsera mpaka kumapeto, osadzidzimuka, osakalipa. Anangoti, "Lusiya, ana anga akusowa wowathandiza masamu. Ugona kuno." Pondiperekeza pakhomo anandigwira mkono.

"A Mbewe, pakamwa panu ndimapadziwa. Dzina la mwanayu likamveka pamsika, mwamumaliza ndinu."

"Madamu, ine?"

"Inuyo."

Lachinayi m'mawa tinalowa muofesi ya ahedi awiri, ine ndi madamu. A Zimba sanali munthu woipa, ndinene zoona. Anachita mantha, anavomera msanga kuti mayi a mwanayo aitanidwe ndi kuti apite naye kuchipatala. Koma pa za Lachisanu anauma.

"Dzina lake tilidumpha, basi. A Mbewe muyambire pa wachiwiri wake."

Madamu anati, "Bwana, ana amadziwa kuti m'kalasi alimo angati. Akaona kuti Lusiya yekha sanatchulidwe, nkhani ikula kuposa kumutchula."

"Makolo ndawaitana kale, madamu. Ana akapanda kuopa manyazi salimbikira. Ndiponso mwambo umenewu ine ndinaupeza. Ndimamva kuti munabwera nawo ndinu, a Mbewe."

"Ndine bwana, pa ngolo. Koma tandiuzani. Tikadumpha Lusiya, mchira ugwera mwana wina. Ameneyo mwamufunsa zimene zili mumtima mwake? Uyu tamudziwa chifukwa cha ambulera. Enawo alibe maambulera."

"A Mbewe, inu ntchito yanu ndi kukuwa. Zoganiza tisiyireni ife."

Ndinatuluka osatseka chitseko. Madzulo ndinapeza amayi anu pakhonde akusenda mtedza wa mbewu. Ndinawauza zonse, kupatula dzina. Sanadzutse mutu.

"Ndiye mwabwera kudzafunsa ine? Ine zanga ndinanena kale, n'kuyenda pansi kuchokera kumanda."

"Akandichotsa ntchito? Kwangotsala chaka chimodzi kuti ndipume."

"Mudzalima mtedza ngati amuna anzanu."

Anaika lichero pansi, analowa m'nyumba, anatulutsa jekete lija n'kuyamba kulisita.

Lachisanu makolo anadzaza pansi pa mabulugama, atakhala pa madesiki amene ana anatulutsa, timasiki tili pachibwano. Lusiya anali kunyumba kwa madamu. Pemphero litatha, wapampando wa komiti atanena zake, mphunzitsi wa Fomu 1 anasendera pafupi ndi khutu langa, pepala m'manja, n'kundinong'oneza dzina loyamba. Ndinayang'ana kamwana kameneko pamene kanakhala, katagwira maondo. Ndinapita kutsogolo.

"Makolo! Mukundimva kumbuyoko?"

"Eee!"

"Ine ndine Mbewe, mukundidziwa. Ena mwa inu ndinakutchulani mayina pabwalo lomwe lino muli ana. Lero sinditchula mchira wa kalasi ina iliyonse. M'chaka cha njala ndinaseketsa anthu ndi mwana wina pompano, wamasiye, wosadya. Sabata ziwiri zisanathe tinakamuika m'manda. Ena munalipo. Tinati ufiti. Sindikunena kuti chinamupha ndi pakamwa panga pokha, mwanayo anali atasenza zambiri, koma mtolo womaliza ndinamusanjika ndine. Ana ali apawa sitikudziwa amene wagona ndi njala, amene akusekedwa tsiku ndi tsiku, amene alibe womuuza zakukhosi. Wofuna kumva nambala ya mwana wake akamufunse kunyumba, atakhala naye pansi. A nambala wani, thuu ndi fili ndiwatchula mpaka a ku Kasiya amve. Enawo, bwana, mupeze pakamwa pena."

Wapampando anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "A Mbewe, mwamwa?"

"Tiyi, bambo, wopanda shuga."

Ena anaseka. Bambo wina kumbuyo anakuwa, "Ife tinakula nazo zomwezi, kodi tinafa?" Amene anamuyankha ndi mayi wina wogulitsa tomato pamsika, mwana ali kumsana. "Ine a Chimkuza anandipatsa mchira ndili Fomu 1. Sindinapondenso pa sukulu. Ndi uyu ndili ndi tomatoyu. Khalani pansi, bambo!" Pamenepo bwalo lonse linayamba kuyankhula nthawi imodzi, ena mbali yanga, ena akunditukwana. A Zimba akanatha kupereka pepala kwa mphunzitsi aliyense kuti awerenge, ndipo ine sindikanachita kanthu. Anayang'ana aphunzitsi mmodzimmodzi. Palibe amene anadzuka. Wa Fomu 1 uja anapinda pepala lake n'kuika m'thumba. Ahedi anaimirira, nkhope itauma, n'kunena kuti malipoti ana akalandirira m'makalasi mwawo, aliyense m'manja. Ine ndinatchula a ku nyanga okha, atatu pa kalasi, ndipo ndinakuwa kuposa kale lonse.

Lolemba ndinalandira kalata. Ndinaiwerenga katatu, ndi chala. Inati ndaimitsidwa ntchito mwezi umodzi chifukwa chonyoza ahedi pagulu. Sindinakadandaule kwa munthu, chifukwa kunyozako ndinanyozadi. Mvula inali itayamba, ndipo chaka chimenecho mtedza wanga unali woyamba kumera m'mudzi monse.

Ku bawo ndimanena kuti mwana uja ndinamupulumutsa ndekha ndi mawu anga. Pa pepala pano ndinene zoona. Kukana kwanga kunangomuchotsera Lachisanu lija. Ntchito yaikulu anagwira madamu Mwale. Mayi ake a Lusiya anafika Loweruka, analira, anati sankadziwa kuti zafika pamenepo. Madamu anapita nawo onse awiri ku chipatala cha mishoni, kumene kuli namwino amene amakhala pansi ndi anthu a maganizo olemera, ndipo sanapite kamodzi, anapita maulendo ambiri. Ine mbali yanga ndinapalasa njinga mpaka ku Msundwe kwa amalume aja. Ndinakawapeza akusoka matumba. Atamva, singano inawagwa m'manja.

"Ine ndinkangomuopseza kuti alimbikire. Za mkulu wa fodyayo zinali zongonena."

"Achimwene, nanenso ndinkangoseketsa anthu."

Lusiya anabwereza Fomu 3. Anakhala kwa madamu teremu yonse, kenaka anamupezera chipinda ndi atsikana ena awiri, kuti asakhalenso yekha. Masiku oipa ankabwerabe, madamu ankandiuza, koma tsopano anali ndi wokamuuza. Ambulera ndi kabokosi kaja ndinamubwezera tsiku loyamba nditabwerera pa geti. Ku nyanga sanabwererenso, Fomu 4 anakhoza pakatikati, ndipo kwa ine zinali zokwanira. Kuyambira chaka chimenecho pa sukulu paja mchira sunatchulidwenso. Pondi­tsanzika, pamene ndinkapuma ntchito, a Zimba anandiveka bulangete, n'kuuza anthu kuti ndine wantchito wovuta kuposa onse amene anakumana nawo. Ndinayamika, chifukwa ananena mokweza, aliyense anamva.

Tsono inu ana anga, muli ndi ana m'masukulu. Zaka zonsezi pa geti ndinaona kuti mwana safika pa maganizo oterewa ndi chinthu chimodzi ayi. Zimasanjikana. Njala imabwera, pamwamba pake imfa ya kholo, pamwamba pake anzake omuseka, ndiye kunyumba akati ayankhule timamuuza kuti asatisokose. Mwana wolongolola akangokhala chete, kapena akayamba kugawa zinthu zake, musadikire kuti anene yekha. Mufunseni mwachindunji, musamusiye yekha, ndipo pitani naye kwa anthu odziwa. Iwe Yohane makamaka, mawu unatengera ine. Lipoti la mwana wako usamawerengere pakhonde, oyandikana nawo akumva.

Chilimwe chapitachi, nditapuma ntchito

Masiku ano ndimalima mtedza, monga analosera amayi anu, ndipo ndikukhala bwino. Chilimwe chapitachi ndinamanga matumba awiri pa njinga kupita nawo ku Nsaru, pa shopu ina yogula mbewu. Mzere unali wautali. Nditafika pa sikelo, ndinapeza woyeza ndi Lusiya, atavala epuloni, cholembera chili kukhutu. Anandipatsa moni ndi manja awiri, anafunsa za amayi anu, kenaka anapisa dzanja m'thumba langa mpaka m'chigongono, anatulutsa mtedza n'kuluma.

"Agogo, uwu sunaume."

"Iwe! Mtedza wa Mbewe? Wakhala padzuwa sabata yathunthu!"

"Tsitsani mawu agogo, sikelo siimva. Sunaume. Kauyanikeni masiku atatu."

Mzere wonse unaseka, akuseka ine. Ndinalalata kuti ana a masiku ano alibe ulemu, kuti pa shopu imeneyo sindidzapondanso, kuti ogula ndi ambiri. Iye anali atayamba kale kuyeza thumba la munthu wina. Anangoti, osandiyang'ana, "Lolemba ndikudikirani."

Ndinamanganso matumba anga, n'kupalasa kubwerera. Amayi anu atandiona ndikulowa ndi katundu yemweyo, ndikuimba nyimbo ya ku tchalitchi, anafunsa ngati dzuwa landiwomba m'mutu. Ndinawafotokozera. Anapisa dzanja m'thumba, analuma mtedza umodzi, n'kulavula.

"Mwanayo akunena zoona. Tengani mphasa."

Ndinauyanika masiku atatu. Lolemba ndinali woyamba pa mzere.